Boccia: mmene mungagwiritsire ntchito masewera ngati chithandizo kwa anthu aulumali

Masewera amasanduka chithandizo pokhapokha pali chinthu chimene mukufuna kuti munthu afike pochikwanitsa. Choncho musanatulutse mpira, khalani pansi ndi mwini wakeyo pamodzi ndi womusamalira. Ngati amapita ku mafizo, funsaninso kumeneko zimene sayenera kuchita. Kenako gwirizanani cholinga chimodzi chooneka ndi maso, monga kutambasula zala n'kusiya chinthu pa nthawi imene wafuna, kukhala mowongoka kwa mphindi 10 osatsamira, kapena kudikira kuti mnzake amalize osapsa mtima.

Boccia, masewera oponya mipira kuti iyandikire mpira woyera, ndi poyambira pabwino chifukwa aliyense amasewera ali pampando. Masewerawa anakonzedwera anthu a cerebral palsy, ulumali umene umadza ubongo ukavulala mwana ali m'mimba, pobadwa kapena ali wamng'ono, mwachitsanzo akabanika pobadwa, akadwala chikasu chachikulu kapena malungo a mu ubongo. Analowa m'mipikisano ya Paralympics, ya anthu aulumali a padziko lonse, mu 1984. Odwala sitiroko ndi ovulala msana amapindula nawonso.

Pamafunika mipira 13: yofiira 6, yabuluu 6 ndi umodzi woyera wotchedwa jack, umene onse amalimbirana kuuyandikira. Wa pampikisano umalemera magalamu pafupifupi 275, ndipo mukauzunguliza chingwe ndi masentimita 27. Mutha kusoka nokha. Thirani mchenga wouma, wosefa, m'kajumbo, kulungani ndi nsanza, lowetsani mu sokosi, yezani pa sikelo, n'kusoka. Mchenga wonyowa umagwirana n'kuchita chibuma, mpira n'kumakhota. Chimanga ndi nyemba zisiyeni, mungoitana anankafumbwe ndi makoswe. Osaupanikiza kwambiri: mpira wofewerapo umagwirika bwino m'dzanja lofooka ndipo suthamanga patali. Bwalo lenileni ndi mamita 12.5 m'litali ndi 6 m'lifupi, koma simenti ya m'kalasi kapena m'holo ya tchalitchi ndi choko n'zokwanira. Tsiku loyamba jack akhale pa mamita awiri basi.

Kakhalidwe ka pampando ndiye pagona nkhani. Matako afike kumbuyo kwenikweni kwa mpando, mawondo apindike bwinobwino, mapazi onse aponde pansi kapena pathabwa. Ngati ali pa njinga ya aulumali, mangani mabuleki. Mapazi akamalendewera thupi limaopa kugwa, minofu imakungika, dzanja n'kufumbata mpira osausiya. Othandiza ambiri akaona izi amayamba kukanula zala za mwana, chonsecho vuto lili kumapazi. Kukanula mokakamiza kumangowonjezera kuumako. Wopendekera mbali imodzi muikireni thaulo lopinda m'nthiti. Akamatsetsereka, chitenje chigwire m'chiuno, osati pachifuwa kapena pakhosi.

Kasewero kake n'kosavuta. Ofiira amaponya jack n'kutsatiza mpira wawo umodzi, abuluu n'kuponyanso. Kuchokera apo amaponya ndi amene mpira wawo uli kutali ndi jack, mpaka atayandikira kuposa anzawo kapena mipira itawathera. Mipira yonse ikaponyedwa ndiye kuti chigawo chatha, ndipo amene ayandikira kwambiri amapeza pointi pa mpira uliwonse umene waposa mpira woyandikitsitsa wa anzawo. Anthu awiri amasewera zigawo 4, matimu a anthu atatuatatu zigawo 6.

Kuponya, kugubuduza kapena kukankha ndi phazi, zonse n'zololedwa. Amene sangathe kugwira mpira mupangireni kotsetserekera: paipi ya PVC ya mamilimita 110, yotalika mita imodzi, yong'ambidwa pakati m'litali, m'mbali mwake mutapala ndi sandipepa kuti isacheke. Wothandiza amagwira paipiyo, koma pa mpikisano lamulo limati afulatire bwalo, asaone kumene kuli mipira. Wosewera ndiye amalamula kuti ilowere kumanzere, ikwere kapena itsike, kaya ndi mawu, kaya ndi maso, ndipo ndi iye amene amakankha mpira, ngakhale ndi chibwano kapena kandodo komangirira kumutu. Lamuloli lisungeni ngakhale pakhonde. Amayi kapena aphunzitsi akangoyamba kulozera paipi okha, mpira ugunda ndithu jack, anthu n'kuwomba m'manja, koma amene wasewera ndi iwowo.

Phokoso limawononganso. Kukuwa kuti "ponya, ponya!" kumachititsa minofu yokungika kuuma kwambiri. Nenani kamodzi, kenako werengani chamumtima mpaka 10 musanalankhulenso. Kwa ena uthenga wochoka ku ubongo umachedwa kufika kudzanja, si mwano ayi.

Mphindi 30 mpaka 40, kawiri pa sabata, n'zokwanira. Mutu ukayamba kuzyolika kapena malovu akachuluka kuposa masiku onse, watopa, mupumitseni ndipo amwe madzi. Amene samva kukhudza kumunsi kwa thupi azinyamuka pang'ono kapena kupendekera mbali mphindi 15 mpaka 30 zilizonse, kupewa zilonda za m'matako. Wa khunyu akagwa, mugonekeni chammbali, chotsani mipando pafupi, osamuika kanthu m'kamwa. Zikapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala.

Mukamaliza, lembani m'kope zinthu ziwiri: mtunda wa jack, ndi mipira ingati mwa 6 imene anaisiya yekha. Akakwanitsa 5 masiku awiri otsatizana, sunthirani jack kutsogolo ndi theka la mita. Akamalephera yonse, muyandikizireni kapena jambulani ndi choko mzere waukulu wozungulira kuti azilozamo. Pakatha mwezi popanda kusintha, kapena dzanja likamapweteka ndi kuumirabe, tengani kopelo mukaonetse a mafizo ku chipatala cha boma cha m'dera lanu, kapena ku Kachere Rehabilitation Centre ngati muli ku Blantyre, kuti aunikenso mpando ndi cholinga chija.