Mapulani ochepa, otchinga olimba: malangizo kwa aphunzitsi a offense mu mpira wa ku America

Mphunzitsi watsopano akapatsidwa offense, gulu la osewera limene limalowa timu ikakhala ndi mpira, chimene amayamba kuthamangira ndi buku la mapulani. Amachezera usiku kujambula timizere ndi timivi, pulani iyi watapa ku Kansas City, iyo waionera ku San Francisco, ndipo tsiku loyamba lokonzekera amafika ndi chibuku chimene anyamata ake sangachiloweze ngakhale atawapatsa chaka. Inu aphunzitsi, makamaka a matimu a ana ndi a kusekondale, bukulo yambani mwaliika pambali.

Tiyeni tikumbutsane kaye ntchito yeniyeni. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata 4, imene amaitcha ma down, kuti isunthe mayadi 10. Ikatha, imapatsidwa mipata ina 4, ndipo ikalephera mpira umapita kwa adani. Ndiye kuti timu imene ikupeza mayadi 4 nthawi iliyonse ikasewera singaimitsidwe mpaka itafika kumapeto a bwalo n'kupeza mapointi 6 a touchdown. Mayadi 4 amenewa ndiwo muziganizira, ndipo zina zonse zimene mukuphunzitsa zizitumikira iwowa.

Poyambira pake ndi osewera amene muli nawo. Mu 1969 timu ya Cincinnati Bengals inali ndi quarterback (wosewera wotsogolera offense ndi kuponya mpira) wachinyamata dzina lake Greg Cook, wa mkono wamphamvu woponya kutali. Anavulala phewa chaka chomwecho. M'malo mwake munalowa Virgil Carter, amene sankatha kuponya patali koma anali wochenjera, woyenda msanga ndiponso wolasa pamene walozera. Bill Walsh, yemwe panthawiyo ankathandizira mphunzitsi wamkulu Paul Brown, sanaumirize Carter kuti aziponya ngati Cook. Anakonza kaseweredwe ka mipira yaifupi, yotuluka m'manja msanga, yowerengetsedwa ndi masitepe a quarterback, n'kusiyira owakha ntchito yothamanga nawo. Mu 1971 Carter ndiye anatsogola mu NFL yonse, ligi yaikulu ya mpirawu, pa kuchuluka kwa mipira yofika m'manja mwa anzake poyerekeza ndi imene anaponya. Kaseweredwe komweko n'kamene Walsh anapita nako ku San Francisco 49ers, kumene iye ndi quarterback Joe Montana anatenga Super Bowl, masewera omaliza a ukatswiri wa NFL, katatu. Chimene anthu masiku ano amachitcha West Coast offense chinabadwa chifukwa mphunzitsi anavomereza mkono wa mnyamata amene anali naye.

Choncho sabata yoyamba ingoyang'anani. Ndani amawakha mpira ndi manja, ndani amadikira kuti umugunde pachifuwa? Quarterback wanu amaponya molondola mpaka mayadi angati? Akuluakulu anu a kutsogolo ndi olemera kapena ndi opepuka koma achangu? Mukadziwa zimenezi m'pamene mungasankhe mapulani, ndipo musankhe ochepa.

Pa nkhani ya kuchepa imeneyi ndikhalitsapo, chifukwa m'pamene ambiri amagwera. Vince Lombardi anaphunzitsa Green Bay Packers kuyambira 1959 mpaka 1967 ndipo anatenga ukatswiri kasanu, kuphatikizapo ma Super Bowl awiri oyambirira. Pulani imene ankadalira, yotchedwa power sweep, adani onse ankaidziwa. Mpira ukangochoka pansi, ma guard awiri (otchinga a kutsogolo), Jerry Kramer ndi Fuzzy Thurston, ankasiya malo awo n'kuthamangira m'mbali kukatsegula njira, pamene Paul Hornung kapena Jim Taylor ankabwera pambuyo pawo ali ndi mpira, akuyang'ana mpata kuti akhotere mkati kapena apitirire kunja. Panalibe chinsinsi chilichonse. Mphamvu yake inali yoti wosewera aliyense mwa 11 aja ankadziwa chochita mdani akaima apa, akasunthira apo, akalowa mkati kapena akathawira kunja. John Madden, yemwe pambuyo pake anadzakhala mphunzitsi wotchuka wa Oakland Raiders, ankasimba kuti ali wachinyamata anakhala pa maphunziro pamene Lombardi anafotokoza pulani imodzi yomweyi kwa maola 8.

Ngakhale okonda kuponya anafika pa mfundo yomweyi. Hal Mumme ndi Mike Leach, amene anayambitsa kaseweredwe ka Air Raid pa koleji yaing'ono ya Iowa Wesleyan kuyambira mu 1989, anali ndi mapulani owerengeka amene ankawabwereza tsiku ndi tsiku mpaka quarterback ndi owakha ankadziwana osayang'anana. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mnyamata amene akuganizabe chochita mpira utachoka kale pansi wachedwa, ndipo amene wamuchedwetsa ndinu. Kwa timu ya kusekondale, ine ndimaona kuti mapulani othamanga ndi mpira anayi kapena asanu, oponya asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi pulani imodzi kapena awiri onamizira kuthamanga kenako n'kuponya, n'zokwanira. Mukafuna kusokoneza adani, sinthani maimidwe a osewera, pulani ikhale yomweyo. Adani aziona zatsopano pamene anyamata anu akuchita zimene anazolowera.

Tsono mapulani onsewa amaima pa anthu asanu a offensive line, mzere wa otchinga: center pakati, ma guard awiri m'mbali mwake ndi ma tackle awiri kumapeto. Ochemerera sawatchula maina, ndipo ana ambiri safuna kusewera pamenepo. Koma kumbukirani Super Bowl ya February 2021. Kansas City Chiefs inali ndi quarterback Patrick Mahomes ndi owakha Travis Kelce ndi Tyreek Hill, koma inalowa m'bwalo popanda ma tackle ake awiri odalirika, Eric Fisher ndi Mitchell Schwartz, amene anali atavulala. Mahomes anathera masewera onse akuthawa, timuyo sinapeze touchdown ngakhale imodzi, ndipo Tampa Bay inapambana 31 kwa 9. Ngati zinamuchitikira Mahomes, mwana wanu wa zaka 16 sangapulumuke.

Mphunzitsi wanu wodziwa kwambiri muikeni pa asanu amenewa, ndipo inunso muzipitako tsiku lililonse. Imani pafupi, maso pa mapazi awo. Mapazi atalikirane ngati mapewa, maondo apindike, msana ukhale wowongoka. Sitepe yoyamba ikhale yaifupi ndi yachangu, chifukwa wotaya phazi patali amagwa ndi kukankhidwa pang'ono chabe. Manja alowe mkati, pachifuwa cha mdani, zigongono zili pafupi ndi nthiti. Manja akazungulira kunja, oyimbira masewera amaponya kansalu kachikasu ndipo mwataya mayadi 10. Wonyamuka mpira usanachoke amakutayitsani mayadi 5. Koposa zonse, mutu uzikhala m'mwamba, maso aziona chimene akugunda. Mwana woweramitsa mutu pogunda angathe kuvulala khosi kapena ubongo, ndipo palibe masewera amene angalipire zimenezo. Mukaona wina akutero, imitsani zokonzekera pomwepo, mumuonetse, abwereze.

Asanuwa aziyankhulana. Center aziloza n'kutchula mokweza mdani amene akuwerengera, kuti aliyense adziwe wake. Ku Denver Broncos, Alex Gibbs anaphunzitsa otchinga opepukirapo kusuntha limodzi mbali imodzi, aliyense akusamala dera lake, ndipo kumbuyo kwawo Terrell Davis, yemwe anasankhidwa mochedwa mu raundi yachisanu ndi chimodzi pamene matimu a NFL ankasankha osewera atsopano mu 1995, anathamanga mayadi 2,008 mu 1998.

Kagwiridwe ka mpira n'kosavuta kuphunzitsa, koma kamafuna kukumbutsa tsiku ndi tsiku. Tiki Barber wa New York Giants ankadziwika ndi kugwetsa mpira mpaka Tom Coughlin atabwera mu 2004 n'kumusintha kanyamulidwe. Zala ziphimbe nsonga ya mpira, mpirawo ugone pa mkono, ukanikizidwe pachifuwa, dzanja likhale pamwamba kuposa chigongono. Polowa pagulu, dzanja lachiwiri liphimbe. Pokonzekera uzani anzake kuti azimenya mpirawo nthawi iliyonse imene wina waunyamula. Quarterback naye adziwe kuti kuponyera mpira kunja njira zikatsekeka si manyazi. Mumataya down imodzi, koma mpira ukadali wanu.

Chotsala ndi cha inuyo eni ake: kudziwa nthawi. Walsh ankalemberatu mapulani oyambirira a masewera masiku akadalipo, mutu uli wozizira, kuti phokoso la m'bwalo lisamusankhire. Inunso konzani pepala limene likunena chochita pa down yachitatu patatsala yadi imodzi, patatsala mayadi 8, mukafika mkati mwa mayadi 20 omaliza, ndi pamene kwatsala mphindi 2. Zonsezi muzizisewera pokonzekera, wotchi ikuyenda.

Kuipa kosawerenga nthawi kunaoneka mu Super Bowl ya February 2017. Atlanta Falcons, imene inatsogolapo 28 kwa 3, inali ikutsogolabe 28 kwa 20 kutatsala mphindi zosakwana 5, ndipo Julio Jones anali atawakha mpira pa mzere wa mayadi 22 wa adani awo, New England Patriots. Pamenepo kukankha kwa mapointi 3 kunali kotheka, ndipo kukanakweza kusiyana kufika pa 11. Atathamanga kamodzi, a Atlanta anasankha kuponya. Quarterback wawo Matt Ryan anagwetsedwa mayadi 12 kumbuyo, kenako wotchinga wina analangidwa chifukwa chogwira mdani, ndipo anatuluka pamalo okankhira. New England inabweza n'kupambana 34 kwa 28 pa nthawi yowonjezera.

Choncho Lachinayi lililonse patulani mphindi 15 zomaliza. Ikani mpira pa mzere wa mayadi 25 wa adani, uzani anyamata kuti mukutsogola ndi mapointi 8 ndipo kwatsala mphindi 4. Athamange ndi mpira, manja awiri, asatuluke m'bwalo kuti wotchi isaime, ndipo quarterback azidikira kuti masekondi 40 a pakati pa mapulani atsale pang'ono kutha asanaitanitse mpira. Sabata yotsatira tembenuzani: mukutsalira ndi mapointi 4, kwatsala mphindi imodzi ndi theka, ndipo mwatsala ndi timeout (mpata woimitsa wotchi) imodzi yokha.