Kuyesa Linux Mint pa fulashi osachotsa Windows

Linux Mint ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows. Mufunika fulashi ya 8GB, intaneti ndi pulogalamu ya Rufus, yomwe imaika Linux Mint pa fulashi.

1. Sungani kwina zonse zili pa fulashiyo, zifufutika.
2. Dawunilodani fayilo ya ISO (fayilo yomwe muli Linux Mint yense) pa webusayiti ya Linux Mint yeniyeni, osati malinki ongotumizirana aja, kenako muone ngati SHA256 yake (nambala yotsimikizira kuti fayiloyo sinasinthidwe) ikufanana ndi yomwe alemba pa webusayitipo.
3. Tsegulani Rufus, sankhani fulashi ndi ISO ija, dinani START.
4. Ikamaliza yatsaninso kompyuta mukudina batani losankhira poyambira kompyuta (pa makompyuta ambiri ndi F12, pa a HP ndi F9), musankhe fulashi.
5. Yesani Wi-Fi ndi mawu ngati zikugwira. Apa ndi pomwe ambiri amapsa, amathamangira Install nkusankha "Erase disk", Windows ndi zithunzi zonse kupita. Ngati mukungoyesa, Install musayikhudze chonde.