Kuchokera pa chibwenzi kufika kuchipinda: momwe okhulupirira angayendetsere chikondi

Nkhani zambiri zimene zimafika kwa alangizi a mabanja m'mipingo ya mu Lilongwe muno zimafika zitapsa kale. Mtsikana ali ndi mimba ya miyezi isanu, kapena chinkhoswe chathetsedwa mnyamata atakongola kale ndalama za holo, kapena mayi wapirira chaka chathunthu osanena kuti kugonana kumamupweteka. Mukazifukula mupeza kuti muzu wake ndi kubisa. Anthu amapemphera mokweza Lamulungu, koma za thupi, za ndalama ndi za matenda amazisiya kumdima ngati kuti Mulungu sizimukhudza. Njira ili m'munsiyi ndi yotulutsira zinthu zimenezi poyera, chilichonse pa nthawi yake.

Musanafunsire, musanalole

Pempherani, koma pemphero lisakutsekeni maso. Mawu akuti "ndakulota" kapena "Ambuye andiuza kuti ndiwe mkazi wanga" asakumangeni manja. Ngati Mulungu walankhula ndi mnzanuyo, atha kulankhulanso ndi inu, ndipo sathamangitsa munthu. Mneneri amene akukupatsani masiku asanu ndi awiri kuti muvomere mwamuna amene wakusankhirani, mukaneni mwaulemu.

Dzipatseni miyezi yosachepera isanu ndi umodzi yomuonetsetsa munthuyo. Mzinda uno ndi wa obwera, ndipo munthu wochita lendi ku Area 25 atha kukhala ndi mkazi ndi ana atatu ku Dedza kapena ku Mzimba, aneba osadziwa. Funsani mudzi, mfumu ndi dzina la malume ake, kenako tumani wachibale wanu akatsimikize. Funsani ngati ali ndi mwana, ndipo ngati alipo, amamuthandiza bwanji. Mwamuna amene anataya mwana wake woyamba sadzasintha chifukwa choti inu mumaimba kwaya. Muoneninso akakwiya: mmene amayankhulira ndi kondakitala amene wamubera chenji, mmene amatchulira amayi ake pafoni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za zaka palibe kukambirana. Lamulo la maukwati la 2015 limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Palibe mbusa, shehe kapena mfumu amene ali ndi mphamvu yolumpha pamenepa.

Ululani msanga

Mukalolana, isadutse miyezi itatu musanauze anthu awiri mbali iliyonse: wachibale wamkulu mmodzi (malume, azakhali kapena achemwali aakulu) ndi munthu mmodzi wa kumpingo, monga mkulu wa mpingo wa m'dera lanu, mtsogoleri wa mphakati kwa Akatolika, kapena mayi wokhwima wa Chigwirizano kwa a Sinodi ya Nkhoma. Sankhani wosunga pakamwa. Amene amanena kuti "tisauze anthu, angatilodze" kwa chaka chathunthu, kawirikawiri pali chimene akubisa, ndipo si ufiti.

Malire a thupi

Chilakolako si tchimo. Anachiika m'thupi ndi Mulungu yemweyo, ndipo anthu awiri okonzekera ukwati amene sakhumbirana n'komwe ayenera kudzifunsa mafunso. Chimene Chikhristu ndi Chisilamu zimaphunzitsa n'chakuti kugonana malo ake ndi m'banja. Paulo pa 1 Akorinto 6:19 akuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera, ndiye kuti thupi la mnzanuyo nalonso ndi kachisi, osati lanu lokha.

Anthu ambiri sagwa chifukwa chosowa chikhulupiriro. Amagwa chifukwa cha malo ndi nthawi. Chipinda chimodzi cha lendi ku Kawale, bedi ndiye mpando womwe, magetsi azima, mvula ikugwa, minibasi zatha: pamenepo vesi silikumbukika. Choncho konzani zinthu kukadali masana. Gwirizanani ndi pakamwa, mawu omveka, pomwe muziimira pogwirana, ndipo malire akhale a amene ali wosamala kwambiri mwa awirinu. Muzichezera poonekera, pakhonde, kwa abale kapena panjira yochokera kutchalitchi. Mtsikana akapita kwa mnyamata, anyamuke dzuwa lisanalowe ndipo akhale ndi ndalama yakeyake ya minibasi kapena kabaza, yosadalira thumba la mnyamata. Zopita Loweruka kukachapa ndi kuphika kwa chibwenzi, kenako n'kusiyako chitenje ndi mswachi, ndi ukwati wolowera pazenera. Mapemphero a usiku wonse nawo asakhale chophimba. Mukapita, mukhale pagulu mpaka kuche.

Foni ndi chipinda chinanso. Musatumize chithunzi cha maliseche, ngakhale ukwati utatsala sabata imodzi. Foni imabedwa kudepoti, imapita kwa okonza, ndipo chibwenzi chikatha chithunzi chimatsala. Samalaninso ndi mphatso zazikulu. Wolipira lendi, fizi kapena foni yodula nthawi zambiri amadzaona ngati wagula chilolezo, ndipo wolandirayo pakamwa pamalemera kunena kuti ayi.

Ngati mwagwa, manyazi asakuchedwetseni, chifukwa thupi lili ndi nthawi zake zosadikira kulapa. Ngati simukudziwa mmene magazi a mnzanu alili ndipo simunadziteteze, pitani kuchipatala pasanathe maola 72 mukafunse PEP, mankhwala omwa masiku 28 oteteza ku HIV. Ngati pali mimba, yambani sikelo msanga, uzani ankhoswe kapena makolo, ndipo mukaonane ndi abusa nokha nkhani isanawapeze kudzera m'miseche. M'mipingo yambiri mudzaimitsidwa mgonero kwa kanthawi ndi kulowa kalasi, koma khomo lobwerera lilipo. Mimba payokha si chifukwa chokwanira chokwatirana ndi munthu amene mwamuona kale kuti ndi wankhanza. Ndipo ngati munakana iye n'kukukakamizani, kumeneko si kugwa kwanu, ndi kugwiriridwa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kenako kupolisi ku Victim Support Unit.

Kuyezetsa magazi

Chitani izi chinkhoswe chisanachitike, osati makadi a ukwati atasindikizidwa kale. Pitani limodzi, mulowe limodzi, mumve zotsatira limodzi kuchokera pakamwa pa mlangizi. Kapepala kobwera nako m'thumba musakakhulupirire. Kuyeza HIV n'kwaulere m'zipatala za boma, monga ku Bwaila kapena ku Lighthouse pa Kamuzu Central, ndi m'zipatala zazing'ono za m'madera. Kachilombo kongolowa kumene sikaoneka nthawi yomweyo, choncho mlangizi akakupatsani tsiku lobwereranso, bwererani. Funsaninso za chindoko ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo ngati kubanja kwa wina kuli ana odwala sickle cell, matenda a magazi otengera kumtundu, yezetsani nonse, pakuti makolo awiri onyamula chibadwa chimenechi ali ndi mwayi umodzi mwa inayi pa mimba iliyonse wobereka mwana wodwala.

Wina akapezeka ndi HIV, ukwati sunafe. Munthu womwa ma ARV mokhulupirika mpaka tizilombo titasiya kuoneka poyeza sapatsira mnzake pogonana, winayo atha kumwa PrEP, mankhwala oteteza munthu wopanda kachilombo kuti asatenge, ndipo ana ambiri amabadwa opanda kachilombo mayi akatsata malangizo a kusikelo. Koma chisankho chikhale cha munthu wodziwa zoona. Ndipo aliyense wokuuzani kuti musiye mankhwala chifukwa wakupemphererani akukutsogolerani kumanda. Pempherani, mankhwala mukumwa.

Ankhoswe ndi kulembetsa

Nkhoswe si wongodzavala suti pa tsiku la chinkhoswe. Ndi amene mudzamuimbire usiku zinthu zikavuta, zaka khumi zikubwerazo. Mbali iliyonse isankhe wachibale weniweni kukhala nkhoswe wamkulu, pamodzi ndi womuthandiza; akhale wofikirika, wosaledzera, amene banja lake likuoneka. Nkhoswe wobwereka kuntchito kapena kwa aneba amasowa tsiku la mlandu.

Ankhoswe asanakhale pansi, awirinu mukhale mutamvana kale zinthu izi: mwambo uti utsatidwe, chikamwini, chitengwa kapena malowolo monga achitira Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba, muzikapemphera kuti, ana adzabatizidwa mpingo uti, achibale angati angakhale nanu, aliyense amalandira zingati, ali ndi ngongole zanji ndipo amatumiza zingati kumudzi. Nkhani ya mpingo musaisiyire "tidzaona", chifukwa imadzuka mwana woyamba akabadwa. Mkatolika wokwatirana ndi wa mpingo wina amafunika chilolezo chodzera kwa bambo mfumu, ndipo chimatenga nthawi.

Kumpingo pitani miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi tsiku lisanafike, muli ndi ankhoswe ndi makalata anu a ubatizo kapena a umembala. Tsiku mulitenge kwa abusa musanalipire holo. Ambiri amachita mosemphanitsa, n'kupeza kuti Loweruka limenelo kutchalitchi kuli kale maukwati ena. Ukwati umalengezedwa masabata atatu kuti wodziwa choletsa anene. Kwa Asilamu, nikah imafuna kuvomera kwa onse awiri, woyang'anira mkwatibwi, mboni ziwiri ndi mahari, mphatso yochokera kwa mkwati imene ndi ya mkazi mwini osati ya abale ake. Mukamanga, tengani setifiketi ndipo muisunge bwino.

Madyerero akhale a msinkhu wa thumba lanu. Pelekanipelekani si malipiro oti n'kukongolerapo. Mabanja ambiri ayamba ndi mkangano wa katapila sabata yoyamba, keke isanathe n'komwe.

Kuchipinda

Apa mpomwe mipingo imafulumira kudutsa, ndipo mpomwe pamagona mavuto ambiri. Munthu amene wakula akumva kuti kugonana n'konyansa sasintha maganizo usiku umodzi chifukwa wavala mphete. Choncho yambani ndi kudziwa kuti Malemba sachita nazo manyazi. Genesis 2:24-25 akunena za awiri okhala thupi limodzi, ali maliseche, opanda manyazi. Miyambo 5:18-19 ikulimbikitsa mwamuna kukondwera ndi mkazi wake. Ndipo 1 Akorinto 7:3-5, imene amuna ena amaiwerenga theka, imapereka udindo wofanana: mwamuna ali ndi mangawa kwa mkazi monga momwe mkazi alili nawo kwa mwamuna. Vesi limeneli si chikwapu chokakamizira munthu wodwala, wotopa kapena wamantha.

Usiku woyamba musauike pa mayeso. Mwaima tsiku lonse, mwavina, mwalangizidwa mpaka usiku. Ngati mwatopa, gonani, mawa liliko. Si mkazi aliyense amene amataya magazi koyamba, ndipo kusataya si umboni wa chilichonse. Thupi la mwamuna limakonzeka msanga pomwe la mkazi limafuna nthawi, choncho kucheza, kusisitana ndi kudekha ndi mbali ya ntchitoyo, osati kutaya nthawi. Mwamuna kufulumira kumaliza masiku oyamba n'kofala ndipo kumachepa mantha akamatha. Kuseka kapena kunyoza ndiko kumakukulitsa. Mkazi akamamva kuwawa, nthawi zambiri chifukwa chake ndi kuuma kapena mantha. Mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi, ogula ku famase, amathandiza. Mankhwala oika kumaliseche kuti kuume kapena kuthine amachekacheka khungu la m'kati ndi kutsegulira matenda njira, ngakhale atakupatsani ndi anamkungwi amene mumawalemekeza. Ululu ukapitirira milungu ingapo, kapena pakakhala zilonda ndi chikazi chonunkha, pitani kuchipatala nonse awiri.

Alangizi a mwambo ndi a mpingo amaphunzitsa zambiri zabwino, zaukhondo ndi zaulemu. Cholakwika n'chakuti mkazi amalangizidwa masiku angapo za kusangalatsa mwamuna, pomwe mwamuna amangouzidwa mawu awiri ataimirira. Pemphani kuti banja limodzi lokhwima likulangizeni nonse pamodzi, ndipo mubwerereko pakatha miyezi itatu, pamene mafunso enieni atuluka.

Kusala kudya kusakhale njira yothawira mnzanu. Paulo akuti kupatukana chifukwa cha pemphero kukhale kogwirizana ndiponso kwa nthawi yochepa. Nenani masiku ake musanayambe, atatu kapena asanu ndi awiri, ndipo mnzanu avomere. Mayi akabereka, achipatala amalangiza kudikira pafupifupi milungu isanu ndi umodzi kuti thupi lipole. Mwambo wa kudika ndi mantha a mdulo zimatalikitsa nthawiyi m'mabanja ena mpaka miyezi yambiri, ndipo amuna ena amapezerapo chifukwa choyendera kunja n'kubweretsa matenda kwa mayi woyamwitsa. Kambiranani za nthawiyi mimba isanakule. Za kulera nazonso mumvane msanga: Mpingo wa Katolika umaphunzitsa njira zachilengedwe zowerenga masiku ndi zizindikiro za thupi, zimene zimafuna kuphunzitsidwa bwino ndi kudziletsa kwa onse awiri, pomwe mipingo ina yambiri imalola njira za kuchipatala. Kulera mobisa, kapena kuletsa mkazi kulera mwankhanza, zonse zimaswa kukhulupirirana.

Chaka chikatha mukugonana osadziteteza koma mimba osaoneka, kayezetseni nonse. Vuto limapezeka mwa amuna monganso mwa akazi, ndipo kuyeza umuna n'kosavuta kuposa zambiri zimene mkazi amayezedwa. Musalole kuti mkazi yekha azizunguliridwa m'mapiri ndi m'mafeloshipu akumuchotsa "mwamuna wauzimu" bambo asanapondeko kuchipatala. Wopempherera aliyense amene akufuna kukhala yekha ndi mkazi wa mwini m'chipinda, kapena kumugwira thupi kuti "amutsegule", ndi wachiwembu.

Zikavuta

Mkangano wamba uyambe kukambidwa ndi awirinu, kuchipinda, ana asakumva, ndipo Aefeso 4:26 ikupatsani malire a nthawi: dzuwa lisalowe mukadali chikwiyire. Sikuti nkhani iliyonse ithe tsiku lomwelo, koma musagone mutatembenuzirana misana osagwirizana tsiku loikambirana. Ikakanika kawiri kapena katatu, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri pamodzi, osati aliyense kukadandaula kwawo. Ankhoswe akalephera, nkhani ipite kwa abusa kapena shehe. Pa Facebook ndi pa gulu la WhatsApp la kwaya si pabwalo la milandu ya m'banja.

Kumenya kuli ndi njira ina. Mawu akuti "banja ndi kupirira" amanena za umphawi, matenda ndi zofooka za munthu, osati zibakera, kuopsezedwa ndi mpeni kapena kugonedwa mokakamiza. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso choti wankhanzayo asakuyandikireni. Chokani kaye mupite pamalo otetezeka pamodzi ndi ana, mutenge chiphaso chanu, mabuku a kuchipatala ndi setifiketi ya ukwati, mukalandire chithandizo ndi kalata ya dokotala, kenako mukanene kupolisi. Zokambirana za ankhoswe ndi mapemphero oyanjanitsa zibwere pambuyo, inu muli kale pabwino.