Momwe mungakazingire nyama ya ng'ombe ndi masamba mwa kaphikidwe ka ku China pa mphindi 30

Ambiri mwa ife kuno ku Mangochi tinazolowera kuti nyama ya ng'ombe ndi ndiwo ya Loweruka kapena Lamlungu, chifukwa imafuna kubwata pamoto ola limodzi kapena awiri isanafewe, pamene usipa ndi utaka zimapsa nsima isanaphikidwe n'komwe. Munthu amene waweruka kuntchito 5 koloko, n'kudzera kumsika, n'kukafika kunyumba dzuwa litalowa, alibe nthawi yoteroyo, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumachititsa kuti kukhalitsa pafupi ndi mbaula kukhale kosapiririka. Komabe pali kaphikidwe kochokera ku China, kamene kanafalikira m'maiko ambiri a ku Asia, komwe nyama ndi masamba zimapsa pa mphindi zosakwana 10. Ntchito yaikulu ya kaphikidwe kameneka imachitikira pa thabwa lodulirapo, chiwaya chisanakhale pamoto.

Pa banja la anthu anayi kapena asanu mufunika theka la kilogalamu ya nyama yamnofu yopanda mafupa, anyezi awiri, makaroti awiri, tsabola wobiriwira mmodzi wamkulu, zitheba zodzaza dzanja, mtolo umodzi wa chayinizi kapena gawo la kabichi, timagawo tinayi ta adyo, ndi jinja wamkulu ngati chala chamanthu. Chimene sichipezeka m'khitchini zambiri ndi soy sauce, msuzi wakuda wopangidwa ndi soya, tirigu ndi mchere, womwe umagulitsidwa m'mabotolo m'masitolo akuluakulu. Botolo limodzi limakwanira maulendo angapo, ndipo popanda msuziwu chakudyachi chimangokhala nyama yokazinga wamba.

Yambani ndi nyama, ndipo pano ndi pamene ndikufuna muikepo mtima. Mukafika pa butchala, musalole kuti akuduliredulireni ndi chikwanje monga amachitira ndi nyama yamsuzi. Pemphani mnofu wathunthu wa steki. Kunyumba uyang'anitsitseni mnofuwo ndipo muona timizere tonga ulusi tolowera mbali imodzi. Dulani mopingasa timizereto, osati motsatira m'litali mwake, ndipo tizidutswato tikhale topyapyala ngati ndalama yachitsulo. Mukadula motero mumafupikitsa ulusi wa mnofu, ndiye mano savutika kuutafuna. Amene ali ndi firiji aike nyamayo m'chigawo choundanitsa kwa mphindi 20 asanadule, popeza ikalimbako pang'ono mpeni umayenda mowongoka.

Ng'ombe zathu zambiri n'zoyenda mitunda kukadya ndi kukamwa madzi, choncho nyama yake imakhala yolimba. Mankhwala ake ndi soda yemweyo amene timathira mu therere. Wazani supuni yaing'ono imodzi yosadzaza pa nyama yodulayo, fikisani ndi manja, ndipo muisiye mphindi 15. Kenako itsukeni bwino ndi madzi ozizira n'kuipukuta ndi nsalu yoyera mpaka iume. Musawonjezere soda poganiza kuti ifewa kwambiri, chifukwa akachuluka nyama imamveka ngati sopo mkamwa.

Mphindi 15 zimenezo si zokhala pansi. Terekani mpunga, kaya wa Kilombero kaya wa Faya, kuti uzipsa pambali, kenako dulani masamba onse. Makaroti muwadule mopyapyala kwambiri popeza ndi amene amachedwa kupsa, zitheba zitalike ngati theka la chala, anyezi ndi tsabola wobiriwira zikhale zamagawo aakuluko. Chayinizi mumulekanitse pawiri, mapesi ake oyera paokha ndi masamba ake paokha. Adyo ndi jinja muzisinje pamodzi m'kamtondo, ndipo okonda zowawa awonjezere kambuzi mmodzi kapena awiri.

Msuzi muusakaniziretu m'kapu: masupuni aakulu atatu a soy sauce, supuni yaing'ono ya shuga, madzi a theka la ndimu, theka la kapu ya madzi, ndi supuni yaikulu ya cornflour, ufa wosalala kwambiri wochokera ku chimanga wolimbitsira msuzi. Ngati cornflour palibe, ufa wachinangwa wosefedwa bwino umagwira ntchito yomweyo yolimbitsa msuzi, koma ufa wa nsima ayi, chifukwa umasiya timisere. Ophika a ku China amakonda kuthiramo vinyo wa mpunga, koma m'makomo ambiri a m'boma lino, momwe Asilamu ndi ochuluka, mowa sulowa mumphika, ndipo ndimu imakwanira bwino lomwe. Mchere musathire konse, popeza soy sauce ali nawo wambiri. Tapani masupuni awiri a msuziwu n'kupaka nyama ija.

Tsopano moto. Ku China amagwiritsa ntchito chiwaya chakuya chamatako ozungulira chotchedwa wok, koma chiwaya chilichonse chachitsulo chokhuthala, chachikulu, chikhoza kugwira ntchitoyi. Mbaula ya makala oyaka bwino, ofiira onse, imaposa mbaula zambiri zamagetsi pa kaphikidwe kano, chifukwa chofunika ndi moto waukali wosatsika. Ikani chiwaya chopanda kanthu mpaka dontho la madzi likagwapo lizingodumpha n'kuuma nthawi yomweyo, kenako thirani masupuni aakulu awiri a mafuta ophikira.

Ikani theka la nyama yokha, muiyale kuti kachidutswa kalikonse kakhudze chitsulo, ndipo musaigwire kwa mphindi imodzi. Ikafiira pansi itembenuzeni, ikhalenso mphindi imodzi, n'kuichotsa kuika m'mbale ngakhale mkati mukuoneka mofiirirabe. Chitani chimodzimodzi ndi theka lotsalalo. Ine tsiku loyamba ndinafulumira, ndinakhuthulira nyama yonse m'chiwaya nthawi imodzi. Kulira kwa mafuta kuja kunazima pomwepo, nyama inatulutsa madzi otuwa n'kuyamba kubwata m'madzi ake omwe, ndipo pomwe madziwo ankaphwa inali itauma ngati chikopa. Ana anadya mpunga ndi masamba, nyama n'kuisiya m'mphepete mwa mbale. Chinachitika n'chakuti nyama yozizira ikachuluka imaziziritsa chitsulo, ndipo chitsulo chikazizira nyama siikazingika.

Chiwaya chikatenthanso, thirani mafuta pang'ono n'kuikamo makaroti ndi zitheba, muzitakasa mosalekeza kwa mphindi ziwiri. Onjezerani anyezi, tsabola wobiriwira ndi mapesi a chayinizi kwa mphindi ina imodzi. Adyo ndi jinja zilowe pambuyo pake, kwa masekondi 30 okha, chifukwa pa moto woterowo adyo amapserera msanga n'kuwawitsa ndiwo yonse. Malizani ndi masamba a chayinizi, omwe amafota nthawi yomweyo. Dzanja lozolowera kuphika mpiru limafuna kuthirako madzi n'kuvundikira, koma musatero; masambawa ayenera kufika patebulo akadali obiriwira, karoti akulira pang'ono pomutafuna.

Bwezerani nyama m'chiwaya pamodzi ndi madzi amene yatulutsa m'mbale. Takasani msuzi uli m'kapu uja, popeza ufa umakhala utadikha pansi, n'kuuthira mozungulira m'mbali mwa chiwaya. Pasanathe mphindi imodzi muona msuziwo ukusanduka wonyezimira n'kumamatira ku nyama ndi masamba, ndipo pamenepo phulani. Lawani, ndipo ngati mchere ukuperewera onjezerani dontho la soy sauce.

Chakudyachi sichidikira munthu, choncho a m'nyumba akhale atasamba kale m'manja pamene mukuphula. Chimayenera bwino ndi mpunga, ngakhale ndi nsima chimadyeka mukawonjezera madzi pang'ono mu msuzi uja. Amene amafika mochedwa kwambiri angathe kudula masamba m'mawa n'kuwasunga m'chidebe chovundikira, koma nyama yaiwisi, ndi kutentha kwa kuno kunyanja, isatandale kunja kwa firiji. Ngati firiji mulibe, iguleni madzulo omwewo pobwera kuntchito.