Momwe mungakonzere tchuthi cha ku Mauritius osaboola m'thumba, n'kukaona zomwe zili kuseri kwa mchenga

Mukatchula Mauritius pagulu, wina amayamba kuseka n'kunena kuti kumeneko n'kwa mabwana ndi akwati olemera. N'zoona kuti kuli mahotela omwe usiku umodzi ungadye malipiro a mwezi wathunthu. Koma chilumbachi chilinso ndi mabasi, misika, nyumba za lendi ndi chakudya cha m'mbali mwa msewu, ndipo amene wayenda mwa njira imeneyi ndiye amabwerako ataona dziko. Wongotsekeredwa mu hotela amabwera ndi zithunzi za madzi basi, zomwe akanatha kujambula ku Mangochi. Nazi njira zomwe ndingamuuze m'bale wanga.

Choyamba: sankhani mwezi, musasankhe tsiku la malipiro

Mauritius ili pa nyanja ya mchere ya Indian, kum'mawa kwa Madagascar. Nyengo zake zimayenda ngati zathu. Kuyambira Novembala mpaka Epulo kumatentha, kumagwa mvula, ndipo ndiyo nthawi ya anamondwe. Namondwe Freddy, yemwe adatiliza mu Malichi 2023, adayamba wadutsa kumpoto kwa chilumbachi mu Febuluwale. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala kumazizirira ndipo mphepo imaomba kwambiri kum'mawa ndi kumwera. Ine ndimakonda Meyi, Sepitembala ndi Okutobala. Disembala mpewe ngati ndalama zili zowerenga, chifukwa mitengo ya malo ogona imakwera alendo a ku Ulaya ndi ku South Africa akachuluka.

Chachiwiri: mapepala ndi ndalama

Amalawi opita kukacheza safuna viza, koma pa bwalo la ndege adzakufunsani tikiti yobwerera, umboni wa komwe mukagone, ndi umboni woti muli ndi ndalama zokwanira. Sindikizani zonsezi pa pepala, musadalire foni. Palinso fomu ya pa intaneti yotchedwa All-in-One Travel Form yomwe ndi bwino kudzaza musananyamuke.

Musadabwe azaumoyo akakuimitsani n'kufunsa komwe mukakhale. Dzikoli lidathana ndi malungo kalekale ndipo limalondola alendo ochokera kumadera a malungo ngati kwathu. Nthawi zina amatenga kadontho ka magazi. Sikukunyozani. Mankhwala anu a kuchipatala muwatenge m'mabokosi awo pamodzi ndi kalata ya dokotala. Ndipo phukusi la munthu wina, ngakhale atakhala mlamu wanu, musanyamule. Malamulo a mankhwala ozunguza bongo kumeneko ndi okhwima, chamba n'chimodzimodzi.

Ndalama yawo ndi rupee, ndipo kwacha sangakusinthireni. Poti ndalama zakunja zimavuta kwathu kuno, pitani ku banki yanu msanga, mutatenga pasipoti ndi tikiti, osati kutatsala masiku awiri. Madola, mayuro ndi marandi amasinthika mosavuta mukafika.

Chachitatu: ndege

Palibe ndege yochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre molunjika. Ambiri amadzera ku Johannesburg, komwe ulendo wofika ku Mauritius ndi wa maola pafupifupi anayi. Ena amadzera ku Nairobi. Mukafika, sunthani wotchi yanu patsogolo ndi maola awiri. Bwalo la ndege, lomwe lili ndi dzina la nduna yaikulu yoyamba Sir Seewoosagur Ramgoolam, lili kumwera chakum'mawa, pafupi ndi tauni ya Mahébourg, osati ku likulu la Port Louis. Gwirizanani mtengo ndi wa takisi musanaike chikwama m'buti.

Chachinayi: gonani malo awiri, osati amodzi

Dziko lonse kukula kwake ndi ma sikweya kilomita pafupifupi 2,040, ngati boma la Mulanje, koma muli anthu opitirira 1.2 miliyoni ndipo misewu yolowa mu Port Louis imadzaza m'mawa ndi madzulo. Ndiye gawani sabata yanu. Masiku atatu khalani ku Mahébourg, tauni ya asodzi yopanda matama, pafupi ndi gombe la Blue Bay. Masiku otsalawo pitani kumadzulo ku Flic en Flac kapena kumpoto ku Pereybère. Funani nyumba yokhala ndi khitchini. Amene sagona osadya nsima adziwe kuti kumeneko chakudya ndi mpunga ndi buledi, ndipo mthiko m'khitchini simuupeza.

Magombe a boma ndi aulere. Lamlungu mabanja amabwera ndi mapoto a biriyani, mipando ndi ng'oma, n'kukhala pansi pa mitengo ya filao tsiku lonse. Khalani pafupi nawo, musathamangire kokhala azungu okha.

Chachisanu: yendani pa basi, koma yang'anani dzuwa

Galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu, choncho kubwereka galimoto sikovuta. Komabe basi ndiyotsika mtengo ndipo imafika pafupifupi paliponse, kondakitala amadula tikiti muli m'kati. Palinso sitima yamakono ya Metro Express yochoka ku Port Louis kufika ku Curepipe. Vuto n'lakuti mabasi a kumidzi amaweruka msanga. Ine ndidachedwa ku gombe lina la kumwera ndikudikira kuti dzuwa lilowe m'madzi, ndipo nditafika pa siteji ndidapeza galu yekha atagona pansi pa benchi. Takisi yomwe idandipulumutsa idadya ndalama ya chakudya cha masiku awiri. Funsani kondakitala m'mawa kuti basi yomaliza imadutsa nthawi yanji.

Chingerezi chikuthandizani, ngakhale anthu ambiri amalankhula chilankhulo chawo cha Chikiliyo ndi Chifalansa. Mawu awiri okha, “Bonzour” ndi “Mersi”, amafewetsa nkhope ya wogulitsa.

Chachisanu ndi chimodzi: tsatirani nzimbe

Apa ndiye pagona nkhani. Mukangotuluka pa bwalo la ndege muona minda ya nzimbe ngati muli ku Nchalo kapena ku Dwangwa, ndipo m'minda ina muli milu ya miyala yakuda yomwe anthu adazula ndi manja kuti apeze polima. Funsani kuti manjawo adali a yani, ulendo wanu usintha.

Pachilumbachi padalibe anthu okhazikika mpaka Adatchi atafika. Adaponda mu 1598, n'kuchitcha dzina la kalonga wawo Maurice wa ku Nassau, adakhazikika mu 1638 ndipo adachoka mu 1710. Adasiya nzimbe, koma mbalame ya dodo, yomwe sinkauluka, idatha psiti m'nthawi yawo. Mafupa ake mukawaone ku Natural History Museum mu Port Louis. Afalansa adabwera mu 1715 n'kuchitcha Isle de France, ndipo bwanamkubwa Mahé de Labourdonnais, yemwe adafika mu 1735, ndiye adamanga doko la Port Louis. Ntchito yambiri adagwira ndi akapolo ochokera ku Madagascar ndi ku gombe la kum'mawa kwa Africa. M'mabuku a atsamunda ambiri adangolembedwa kuti “Mozambique”, koma pansi pa dzina limenelo padali Amakua, Ayao ndi anthu a ku Maravi, ogwidwa kumtunda kuno n'kuyendetsedwa mpaka ku madoko a Mozambique ndi Kilwa. Choncho mukaona nkhope pa msika wa Mahébourg n'kuganiza kuti mwaona azakhali anu a ku Machinga, sikuti maso akunama kwenikweni.

Angerezi adalanda chilumbachi mu Disembala 1810, atagonja kaye pa nkhondo ya zombo ya Grand Port mu Ogasiti chaka chomwecho. Zotsalira za nkhondoyo zili mu nyumba yosungiramo zakale ku Mahébourg. Ukapolo udathetsedwa pa 1 Febuluwale 1835, ndipo eni minda adatembenukira ku India. Pakati pa 1834 ndi 1920 anthu pafupifupi theka la miliyoni adabwera pa mgwirizano wa ntchito, wofanana ndi wa Wenela womwe agogo athu ankasainira, kungoti ambiri mwa awa sadabwererenso kwawo. Ufulu udabwera pa 12 Malichi 1968, zaka zinayi pambuyo pa ife.

Patulani tsiku limodzi la Port Louis. Yambani ndi Aapravasi Ghat pafupi ndi doko, malo omwe antchito aja ankafikira, omwe bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wake wa malo ofunika a padziko lonse mu 2006. Pali masitepe 16 a miyala ochokera m'madzi. Ndi ang'onoang'ono, mwina mungawapitirire, koma makolo a anthu ambiri a m'dzikoli adakwera pamenepo atanyamula kamtolo. Chapafupi pomwepo pali Intercontinental Slavery Museum, m'chipatala chakale cha asilikali cha nthawi ya Afalansa. Mukatopa kwerani ku Fort Adelaide muone mzinda wonse ndi bwalo la mpikisano wa mahatchi la Champ de Mars, la mu 1812.

Nyumba za eni minda nazonso pitaniko: Eureka ku Moka, yokhala ndi zitseko 109, kapena Château de Labourdonnais ku Mapou. N'zokongola, makonde ake ataliatali, mipando yamtengo wapatali. Ine ndimati muone kaye khitchini ya kuseri musanaone pabalaza. Wofuna kumvetsa momwe shuga ankapangidwira apite ku L'Aventure du Sucre, fakitale yakale ya Beau Plan, pafupi ndi munda wa mitengo wa Pamplemousses womwe uli ndi maluwa a m'madzi a masamba aakulu kuposa lichero.

Chachisanu ndi chiwiri: kwerani Le Morne m'mamawa

Phiri la Le Morne lili pa nsonga ya kumwera chakumadzulo, lalitali mamita 556. Kwa munthu amene adakwerapo Sapitwa nambalayi ndi yoseketsa, koma gawo lomaliza ndi thanthwe lofuna manja ndi miyendo, ndipo mvula ikagwa limaterera. Tengani wokutsogolerani, madzi, ndi nsapato zogwira. Yambani dzuwa lisanakwere, ndipo muwerengere maola atatu kapena anayi kupita ndi kubwera.

Akapolo othawa ankabisala m'mapanga a phirili. Anthu amasimba kuti ukapolo utatha, ena ataona asilikali akubwera adaganiza kuti adzawagwira, ndipo adadziponya kuphompho. UNESCO idalemba phirili mu 2008, ndipo m'munsi mwake muli ziboliboli zokumbukira njira ya akapolo. Ndidakhala pamwambapo mphepo ikundimenya, pansi madzi obiriwira ndi anyamata oseweretsa makaiti, maso anga ali kumadzulo komwe kuli Madagascar, ndi kuseri kwake kwathu. Mnyamata wotitsogolera sadalankhule kanthu, adangotigawira chinanazi chothira mchere ndi tsabola.

Madzulo funsani komwe kuli gule wa sega, wobadwira mwa akapolo omwewo. Ng'oma yake, ravanne, ndi yachikopa cha mbuzi, yopyapyala, ndipo amaiwamba pa moto isanalire monga timachitira ndi ng'oma zathu. Wa m'mahotela ndi wokonzera alendo. Wa pagombe usiku wa Loweruka ndi wina.

Chachisanu ndi chitatu: idyani pa msewu

Ku Central Market mu Port Louis imani pa mzere womwe pali anthu ovala za ku ofesi. Gulani dholl puri, kachapati kofewa ka nandolo zogaya kokulungidwa ndi ndiwo, kenako gâteau piment, timandasi ta tsabola, n'kutsitsira alouda wa mkaka wozizira. Akafunsa za tsabola, nenani kuti pang'ono, ngakhale mutakhala katswiri wa kambuzi.

Tsiku lotsala lipatseni kumtunda: dothi la mitundu isanu ndi iwiri ndi mathithi ku Chamarel, nkhalango ya Black River Gorges, minda ya tiyi ya Bois Chéri yomwe ikukumbutseni Thyolo, ndi nyanja yopatulika ya Ahindu ya Grand Bassin. Kumeneko valani zophimba mapewa ndi mawondo, ndipo vulani nsapato polowa m'kachisi. Chitenje m'chikwama chimathandiza.

Za mphatso musavutike ndi mashopu a pa bwalo la ndege. Ku Mahébourg kuli fakitale ya banja la Rault yomwe yakhala ikuphika mabisiketi a chinangwa kuyambira 1870, pa moto wa masamba ouma a nzimbe. Gulani mapaketi angapo, muwaike pakati pa zovala kuti asaphwanyike podutsa ku Johannesburg, ndipo akunyumba muwauze atadya kale kuti chinali chinangwa.