Lisiti la chindapusa si chiphaso choyendera pamsewu

Chiyambireni msika wa fodya ndi soya chaka chino, ine monga mlangizi wa zaulimi ndakhala ndikukwera malole a alimi kuchokera ku Mitundu, ku Malingunde ndi ku Mpingu kulowa m'tauni ya Lilongwe muno, ndipo pali chinthu chimodzi chomwe chanditopetsa kuchiona. Pafupifupi m'galimoto iliyonse, kuseri kwa chotchingira dzuwa cha dalaivala, mumakhala kamtolo ka malisiti a chindapusa komangidwa ndi labala. Amakasamala kuposa makadi a kusikelo a ana ake. Wapolisi wapamsewu akangokweza dzanja, dalaivala sadikira n'komwe kumva chomwe amuimikira, dzanja lafika kale pakamtoloko: “Bwana, zimenezo ndalipira kale m'mawa, lisiti lake la GR nali.” Akamulola kupita amaseka, n'kunditembenukira ine kuti ndimuyamikire nzeru.

Ine sindiseka nawo. Tayala lomwe walipirira m'mawalo likadali pomwepo, losalala ngati chipande, waya akusuzumira m'mbali. Chimata cha COF, chotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chomwe chidatha mphamvu miyezi itatu yapitayo, chikadali pagalasi. Chomwe chasintha n'chakuti m'thumba mwachepa ndalama, basi.

Alimi anzanga, chindapusa ndi chilango cha mlandu womwe mwaupalamula kale, kuchokera komwe mwanyamukira kufika pomwe akugwiranipo. Si msonkho wa pamsika woti mukadula tikiti mwagula malo a tsiku lonse. Ng'ombe zanu zikadya chimanga cha mnzanu, amfumu n'kukugamulani mbuzi, kodi m'mawa mwake mumazitsekuliranso m'munda womwewo, mukuti ndinalipira kale? Ndiye bwanji pamsewu mukuganiza chonchi? Lamulo la Road Traffic Act la 1997, lomwe apolisi komanso a Road Traffic amagwiritsa ntchito, likuletsa kuyendetsa galimoto yosayenera kukhala pamsewu. Lisiti silisandutsa galimotoyo kukhala yoyenera. Ndipo chomwe ambiri simuchiganizira n'chakuti mukalipira pamsewu pomwepo ndiye kuti mwavomera kulakwa. Pepala lomwe mukulinyadiralo ndi umboni wolembedwa, wokhala ndi tsiku ndi nambala ya galimoto, wakuti munauzidwa za vutolo ndipo munalidziwa.

Chomwe chidandimaliza ndi buku la msungichuma wa kalabu ina ya soya. Pandalama za mayendedwe adalemba mizere inayi: hayala, dizilo, opakira, kenaka “za pamsewu”. Nditafunsa kuti za pamsewuzi ndi ziti, onse adandiyang'ana ngati ndine mlendo wochokera kunja. Akuti ulendo uliwonse amapatuliratu ndalama ya chindapusa, chifukwa akudziwa kuti lole yomwe amachita hayalayo idzagwidwa ndithu. Tafika pokonzera bajeti kuphwanya lamulo monga timakonzera bajeti ya feteleza! Mamembala amasonkha ndalama imeneyi mosanyinyirika, koma muwauze kuti asonkhe zoti apeze lole yabwinoko, mkangano wake ufika dzuwa litalowa.

Nkhani ya kulemera kwa katundu sindikufuna kutayapo nthawi chifukwa ndi masamu a sitandade 4. Lole ya matani atatu ndi makilogalamu 3,000, kutanthauza matumba 60 a makilogalamu 50. Pikiapu ya tani imodzi ndi matumba 20. Mwezi watha ndidaima pambali n'kumawerenga anyamata akupakira lole ya matani atatu, ndipo ndidasiyira pa 92 chifukwa cha manyazi. Pamwamba pa matumbawo padakweranso anthu, wina atanyamula nkhuku. Masipuling'i adawongoka, lole ikuyenda chopendekeka ngati nkhanu. Mwiniwake akuti “imatha iyi, Canter sigonja”. Injini mwina sigonjadi, koma mabuleki ndi matayala adawapangira katundu wolembedwa pa galimotopo. Mukamatsika ndi katundu wotere kulowera pa mlatho wa Lilongwe, minibasi ikaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanu, malisiti aja sagwira buleki.

Tsopano pomwe pali ndalama zenizeni ndi pa inshuwalansi, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu m'dziko muno ikuyenera kukhala ndi inshuwalansi, ngakhale ya third party yokha. Ambiri mumagula imeneyi chifukwa ndiyo yotsika mtengo, ndipo mumaigula kuti mupeze chimata choonetsa pa rodibuloko. Pepala la mgwirizano lomwe limabwera ndi chimatacho simuliwerenga. Ena mudakulungira kale usipa. Komatu m'menemo ndi momwe mudalembedwa kuti galimoto iyendetsedwe ndi munthu wokhala ndi laisensi yoyenera, kuti mwiniwake aziisamala kuti ikhale yoyenera kuyenda pamsewu, komanso ntchito yomwe galimotoyo idalembetsedwera. Mukalembetsa kuti ndi yonyamula katundu wanu, inu n'kumachitira matola, mwatuluka kale mumgwirizanowo.

Third party silipira galimoto yanu, zimenezi ndikhulupirira mukudziwa. Imalipira ena omwe mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, ndipo ili ndi malire a ndalama olembedwa pa pepala lomwelo. Wovulala ali ndi ufulu wosumira dalaivala, mwini galimoto ndi kampani ya inshuwalansi pamodzi. Khoti likagamula chipukuta misozi choposa malire aja, chotsalacho chimagwera inu eni ake. Ndipo pomwe mwaphwanya mgwirizano, kampani ikakakamizika kulipira wovulalayo, ili ndi mphamvu yotembenuka n'kukuuzani kuti mubweze ndalama zake. Nanga soya kapena mabelo a fodya omwe ali kumbuyoko? Inshuwalansi ya galimoto siwerengera zokolola zomwe mwanyamula. Katundu wa paulendo ali ndi inshuwalansi yakeyake, yomwe sindidaonepo kalabu ya kwathu kuno ikuifunsa n'komwe. Anthu okhala pamwamba pa matumba aja ndiye musanene, lole yonyamula katundu kawirikawiri inshuwalansi yake siwaphatikiza.

Ngozi ikachitika, kampani siyamba ndi kulemba cheke. Imayamba ndi kufuna lipoti la apolisi, kope la laisensi ya yemwe amayendetsa, COF, ndipo imatumiza munthu wake kukaona galimoto. Munthu ameneyo amagwada pansi n'kuyang'ana matayala limodzilimodzi. Ntchito yake ndi imeneyo.

Ndikumbukira bambo wina wachikulire wa kumadzulo kwa mzinda uno, mlimi wakhama yemwe ndakhala ndikugwira naye ntchito zaka zambiri. Chaka chatha adagula kalole kakale ndi ndalama za fodya, n'kuonjezera ngongole ya ku banki m'khonde. Adapatsa mwana wake wamwamuna kuti aziyendetsa. Mnyamatayo anali ndi laisensi ya B, ya magalimoto ang'onoang'ono osapitirira makilogalamu 3,500 pamodzi ndi katundu, pomwe loleyo imafuna C1. Sabata imodzi adamugwira kawiri, koyamba chifukwa cha laisensiyo, kachiwiri chifukwa cha matayala akutsogolo. Maulendo onse awiri adalipira, malisiti adalandira, bambo ake adawasunga bwinobwino m'chikwama cha pulasitiki momwe amasungira khadi la fodya. Nditawachenjeza adandiyankha mwaulemu ndithu: “Alangizi, tingomaliza kaye kututa soyayu, tikagulitsa tigula matayala.” Ulendo wachitatu, pamsewu wa Mchinji, tayala lakumanzere lidaphulika. Lole idakokera kumbali, idagunda wa kabaza, n'kugona chammbali. Mayi wina yemwe adakwera pamwamba ndi dengu lake la tomato adathyoka ntchafu, adakagona ku Kamuzu Central milungu ingapo. Soya wa mamembala asanu ndi awiri adamwazika mumsewu, ndipo anthu odutsa adathandiza kuola, koma matumba ena adaolera kwawo.

Mnyamata adagona m'chitokosi, adatuluka pa belo, mlandu udapita kukhoti la majisitireti. Lole idakhala kupolisi mpaka udzu udamera kunsi kwake. Bamboyo adabwera kwa ine ndi kalata yochokera ku kampani ya inshuwalansi kuti ndiwawerengere. Ndisanayambe n'komwe adatulutsa chikwama chija, n'kuyala malisiti awiri aja patebulo, akuwasalaza ndi chikhatho: “Komatu alangizi, boma tinalilipira, umboni ndi uwu.” Ndidasowa poyambira. Kalatayo imanena za laisensi ndi matayala, zinthu zomwezo zolembedwa pa malisitiwo. Pofika mvula yoyamba anali atagulitsa ng'ombe ziwiri zapangolo, mamembala a kalabu akufunabe ndalama za soya wawo, ndipo kalata ya loya wa mayi uja inali isanayankhidwe. Matayala awiri atsopano sakanafika ngakhale pa mtengo wa ng'ombe imodzi.

Ndikamanena nkhaniyi pamisonkhano pamakhala wina wonena kuti linali tsoka chabe, tsoka silinunkha. Ili ndiye linanunkha, kawiri konse, ndipo wapolisi adachita kulilemba papepala.

Pali ena oposa apa, omwe ngakhale lisitilo salifuna. Amapinda kandalama mkati mwa laisensi, amvekere “ya fanta bwana”, n'kumapita. Awa ndilibe nawo mawu ambiri. Pansi pa lamulo la Corrupt Practices Act la 1995, wopereka chiphuphu ndi wolandira onse ndi olakwa, ndipo a ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu, ntchito yawo ndi yomweyo. Kuonjezera apo ndalamayo simudzaionanso pena paliponse, tayala likadali lomwe lija, ndipo rodibuloko yotsatira ikukudikirani. Chizolowezi chimenechi ndi chomwe chidabala maganizo oti chilichonse pamsewu chimatha ndi ndalama ya m'manja. Adakuphunzitsani ndi madalaivala akale a matola, omwe ambiri a iwo lero alibe ngakhale wilibala.

Enanso ndi aja amalandira pepala loti akalipire kapena akaonekere kukhoti tsiku lakuti, n'kuliponya m'kabati. Mlandu suola. Mukapanda kuonekera, khoti litha kutulutsa chikalata choti akumangeni, ndipo kankhani ka chindapusa kamasanduka nkhani yogona m'chitokosi. Musaganize kuti mwasowa chifukwa mumakhala kuseri kwa Dzalanyama. Galimoto yanu ndi laisensi yanu zili mu kompyuta za MALTIS ku Road Traffic, ndipo tsiku lina mudzapitako nokha ndi miyendo yanu kukafuna COF. Milandu ikuluikulu, monga kuyendetsa mosasamala mpaka kupha munthu kapena kuyendetsa mutaledzera, simathera pamsewu. Imakafika kukhoti, komwe kuli ndende komanso kulandidwa laisensi. Mukadzapita kukagula inshuwalansi ina, fomu imafunsa za ngozi ndi milandu yam'mbuyo. Mukanena zoona mtengo utha kukwera, mukanama mwapatsa kampani chifukwa chodzakanira kulipira mtsogolo. Amene muli ndi comprehensive, inshuwalansi yolipiranso galimoto yanu, mukudziwa kale kuti kuchotsera kuja amakupatsani chifukwa chosachita ngozi kumatha mukangopempha malipiro.

Anyamata a njinga zamoto omwe mukunyamula matumba atatu a mtedza kuchokera ku Nsundwe, opanda laisensi, opanda chipewa, njinga yopanda nambala, zonsezi zikukukhudzani inunso. Nkhani yanu ndi yaitali, tidzaikamba payokha.

Zoyenera kuchita ndi zomwe mukuzidziwa kale. Musanapakire thumba ngakhale limodzi, pitani pagalasi lakutsogolo muwerenge masiku a pa chimata cha COF ndi cha inshuwalansi, muone laisensi ya dalaivala ngati ikugwirizana ndi kukula kwa galimoto komanso ngati ali ndi PrDP (chilolezo cha madalaivala onyamula katundu kapena anthu), muzungulire matayala onse. Mwini lole akakwiya ndi mafunso anu, pezani ina, malole ndi ambiri nyengo ino. Werengani matumba, anthu akwere minibasi. Akakugwirani, funsani mwaulemu mlandu wake, lipirani polandira lisiti la boma lolembedwa tsiku, nambala ya galimoto ndi mlanduwo, kenaka kakonzeni vutolo musananyamuke ulendo wina. Ngati mukuona kuti simunalakwe, musalipire kuti zingotha, ndipo musakangane pamsewu. Nenani kuti mukufuna nkhaniyo ikaweruzidwe kukhoti, ndipo tsiku lake mukapiteko. Pakachitika ngozi, thandizani ovulala, kaneneni kupolisi ndi ku kampani ya inshuwalansi tsiku lomwelo, ndipo musasayinire aliyense pepala lolonjeza kulipira kampaniyo isanadziwe. Kampani ikamakuzengerezani popanda chifukwa chomveka, madandaulo amapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, ku City Centre. Wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau.

Makalabu omwe ndikuwayendera sabata yamawa, asungichuma abwere ndi mabuku awo. Ndikufuna tiphatikize pamodzi mzere uja wa “za pamsewu” kuyambira mu Epulo, pamaso pa mamembala onse, ndipo wina abwere atafunsiratu mtengo wa tayala la lole ku Malangalanga.