Momwe mungakonzere besi yotchipa musanaganize zogula ina

Lamlungu lina, kwaya ili pakati pa nyimbo ya chopereka, besi yanga inangoti zii. Ndinagwedeza chingwe, inalira pang'ono, n'kuzimanso. Wa kiyibodi anandiponyera diso, poti anzanga anali atandinena kwa miyezi kuti gitalayo ndi ya kaunjika, ndikagule yeniyeni. Madzulo ake nditamasula timasikuluu ta pomwe pamalowa chingwe, ndinapeza kuti nati ya jaki, kachitsulo kolandira chingwecho, inakhwepa kalekale, jakiyo n'kumazungulira mpaka kawaya kamodzi kanaduka. Inali ntchito ya mphindi 10. Gitala yomweyo ndikuimbabe mpaka lero.

Mabesi ambiri otsika mtengo amatengera mapangidwe awiri a kampani ya Fender ya ku America: Precision Bass, yomwe Leo Fender anatulutsa mu 1951, ndi Jazz Bass ya mu 1960. Fender yomweyo inayamba kugulitsa magitala otsikirako mtengo m'dzina la Squier mu 1982, ndipo masiku ano ambiri a iwo amapangidwa ku Indonesia ndi ku China. Palinso Ibanez ya mtundu wa GIO, Yamaha TRBX174, Cort, ndi Harley Benton ya sitolo ya Thomann ya ku Germany. M'mafakitale amenewa matabwa amadulidwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, choncho thupi ndi khosi la gitala kawirikawiri zimatuluka zoyezedwa bwino. Pomwe amaumira ndi pa nthawi ya mmisiri woti akhale pansi n'kuimalizitsa, komanso pa tizipangizo ta magetsi. Mwayi wake, zimenezi ndi zomwe munthu angakonze yekha pakhonde, bola atsate ndondomeko: zaulere ziyambe, zodula zibwere kumapeto.

Choyamba: khosi, musanatulutse ndalama

Kaya mukugula, kaya gitala ili kale m'nyumba, ikani thako lake pansi, tsinzinani diso limodzi, muyang'ane kuchokera kumutu kutsetserekera kuthupi ngati kalipentala akuyeza thabwa. Khosi likapindika pang'ono ngati uta, palibe vuto, limakonzeka. Koma likapotoka, mbali ya nsambo yaikulu itakwera pomwe mbali inayo yatsika, isiyeni. Pamenepo ngakhale mutaikapo zipangizo za mtengo wapatali, mukuthira madzi m'dengu.

Kenako imbani fereti iliyonse (mafereti ndi tizitsulo topingasa pakhosi) pa nsambo zonse zinayi, kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Musachite manyazi ndi wogulitsa. Ngati pali fereti imodzi yomwe mawu akufera pomwepo pomwe zoyandikana nayo zikulira bwino, ndiye kuti fereti yotsatira yatukuka. Pemphaninso kuti muyese chitsulo cha m'kati mwa khosi, chomwe oimba amachitcha truss rod, muone ngati nati yake ikutembenuka. Nati yodyeka kapena youma gwa ndi chifukwa chokwanira chotsitsira mtengo, kapena chongochokapo. Dzina lolembedwa kumutu lisakunyengeni. Sitika ya Fender aliyense angamate.

Zida sizambiri: ma Allen key a mamilimita (mabesi ambiri ochokera ku Asia amafuna ya mamilimita 4 pakhosi ndi ya 1.5 pa buliji, chitsulo chogwira nsambo kumunsi kwa thupi la gitala), sikuludiraiva, rula yachitsulo, pulogalamu yochunira ya pafoni, ndi chowotcherera mawaya. Ngati mulibe chowotcherera, amisiri okonza mawailesi pamsika ali nacho.

Chachiwiri: nsambo

Muyeso uliwonse umene mupange umadalira nsambo zomwe zili pagitala, choncho yambani ndi zomwe muziimbira. Saizi yofala, yomwe imalembedwa papaketi, ndi .045 mpaka .105. Nsambo za besi ndi zodula ndipo sizipezeka paliponse, n'chifukwa chake ambirife timaziwiritsa. Zimasuleni, muziwiritse m'madzi kwa mphindi 10 kapena 15, muziumitse bwinobwino musanazibwezere. Kuziviika usiku wonse mu sipiriti kumachotsanso thukuta ndi litsiro popanda kuitana dzimbiri. Zimabwerera mawu kwa kanthawi ndithu, koma osati kosatha. Nsambo yomwe yadyeka pamalo okhudza mafereti yatha basi. Pomanga, nsambo izungulire kawiri kapena katatu pa chochunira, ikutsikira pansi, osati kukwerana. Magitala ambiri omwe amanenedwa kuti sasunga chuni vuto lake limakhala limeneli.

Chachitatu: kuwongola khosi

Apa ndi pomwe anthu amaopa, ndipo apa ndi pomwe gitala imasinthira kwambiri. Nsambo zinayi zimakoka khosi kutsogolo ndi mphamvu yaikulu, ndipo chitsulo cha m'kati chija chimakokera kumbuyo. Ntchito yanu ndi kuyanjanitsa awiriwa.

Chunani gitala kaye. Mnzanu adinikize nsambo yaikulu ya E pa fereti yoyamba, inu mudinikize pa fereti yomaliza. Tsopano nsamboyo yasanduka rula. Yang'anani mpata wa pakati pa nsambo ndi msana wa fereti ya nambala 8. Ukhale pafupifupi mamilimita 0.3. Ngati mulibe choyezera, mapepala atatu a mu ofesi ophatikiza amafika pamenepo. Khadi la ATM ndi lochindikala mamilimita 0.76, ndiye likalowa osakhudza kanthu, dziwani kuti khosi lapindika mopitirira.

Mpata ukakula, mangani nati potembenuzira kumanja, monga momwe muvi wa wotchi umayendera. Ukasowa, nsambo n'kumagona pa mafereti ndi kulira ngati nyenje pa mafereti oyambirira, masulani potembenuzira kumanzere. Musapitirire kota ya mzungulo nthawi imodzi. Pomanga, khwefulani kaye nsambo pang'ono kuti chitsulo chisalimbane ndi katundu yense. Mukatero chunaninso, muisiye gitala maola angapo, muyezenso. Thabwa silimva msanga. Nati ikakana, musaikakamize ndi pulayala. Chitsulocho chikathyoka, mtengo wokonzetsa ungapose wa gitala yonse.

Kuno kwathu ntchitoyi siichitika kamodzi. Thabwa limamwa chinyezi m'dzinja, n'kuuma m'chilimwe, ndipo khosi lomwe munaliwongola mu Okutobala silikhala chimodzimodzi mu Febuluwale. Ine ndimayeza mvula ikayamba ndiponso ikatha. Ndipo chonde, besi isamagone sabata yonse m'kachipinda ka tchalitchi kofolera malata, itatsamira khoma ndi khosi. Ambiri mwa makosi opotoka aja anayambira pamenepo.

Chachinayi: kutalika kwa nsambo

Khosi likakhala bwino, pitani ku buliji. Nsambo iliyonse imakhala pa kachitsulo kake kokhala ndi timasikuluu tiwiri tokwezera ndi kutsitsira. Yezani pa fereti ya nambala 17, kuchokera pamsana pa fereti kufika kunsi kwa nsambo: mamilimita 2.4 ku nsambo ya E ndi pafupifupi 2 ku nsambo ya G ndi poyambira pabwino. Wa dzanja lolemera akweze pang'ono, woimba mofatsa atsitse. Timasikuluu tiwirito tizikhala tofanana kuti kachitsuloko kasapendekeke.

Nthawi zina mumatsitsa mpaka kachitsulo kagunda pansi koma nsambo zikadali m'mwamba. Masulani masikuluu anayi a kumbuyo ogwira khosi, mudule kachidutswa ka khadi la pepala lolimba, mukaike m'kati mwa bowo lomwe khosi limakhalamo, kumapeto kwa mbali yoyang'ana ku buliji. Kanthu kochepa choncho kamasintha kapendekedwe ka khosi lonse.

Onaninso kumutu, pa kapulasitiki koyera komwe nsambo zimadutsa. Dinikizani nsambo pa fereti yachitatu. Pamwamba pa fereti yoyamba patsale kampata kongokwana pepala limodzi. Ngati mpata ndi waukulu, zala zimapweteka pa mafereti oyambirira ndipo mawu amakwera. Timipata ta kapulasitikiko timazamitsidwa ndi fayilo pang'onopang'ono. Mukapitirira palibe kubweza, ndiye ngati dzanja likunjenjemera, apa pokha pitani kwa wodziwa.

Chachisanu: chuni cha m'mwamba

Chunani nsambo osaidinikiza, kenako idinikizeni pa fereti ya nambala 12. Foni ionetse noti yomweyo. Ikakwera, tembenuzani sikuluu yaitali ya kumbuyo kwa buliji kuti kachitsulo kabwerere m'mbuyo, nsambo italike. Ikatsika, kasunthireni kutsogolo. Chunaninso mukasuntha kulikonse. Chitani nsambo zonse zinayi.

Chachisanu ndi chimodzi: zamagetsi ndi phokoso

Musanadule waya uliwonse, jambulani chithunzi ndi foni. Mudzandithokoza.

Jaki ndiye yoyamba kufa pa besi yotchipa. Ngati chingwe chikugwedera, pindani pang'ono kachitsulo kogwira nsonga yake, mumange nati mutagwira jakiyo m'kati kuti isazungulire. Ikakhala yotheratu, ya kampani ya Switchcraft ndi yolimba ndipo pa zonse zomwe mungagule, imeneyi ndiye ndalama yogwiritsidwa bwino ntchito. Mavoliyumu akamakhwekhwereza potembenuza, yambani mwawapopera mankhwala otsukira zamagetsi. Akakanika, asintheni, besi ya mtundu wa Precision kapena Jazz yopanda batire imagwiritsa ntchito a 250k, ndi kapasita ya 0.047µF pa toni. Samalani pogula a kampani ya CTS: khosi lawo ndi lonenepa kuposa mabowo a magitala ambiri a ku Asia, ndiye mudzafunika kukuza bowo, mwinanso kusintha zisoti zake.

Tsopano phokoso longa la njuchi lomwe limamveka mu ampu. Lumikizani ku ampu, musiye nsambo, kenako muzigwire. Phokoso likachepa mutagwira, waya wa earth uli bwino, chomwe chikusowa ndi chotchinga m'kati. Likapanda kusintha, masulani buliji. Pansi pake payenera kukhala kawaya kosenda kokhudza chitsulo, ndipo nthawi zambiri kamakhala katamira mu penti kapena katachita dzimbiri. Kapaleni, mukayale bwino, mumangenso.

Potchinga, matani tepi ya mkuwa m'mabowo onse momwe muli mavoliyumu ndi mapikiapu (tizipangizo ta maginito ta pansi pa nsambo totola mawu), komanso kunsi kwa pulasitiki yovundikira. Ine ndinagwiritsa ntchito foyilo wa kukhitchini ndi guluu, ndipo anagwira ntchito, kungoti salola kuwotcherera, ndiye waya wa earth ndinaupanikiza ndi kasikuluu. Zidutswa zonse zikhudzane ndipo zilumikizike ku earth, koma zisakhudze nsonga ya jaki, apo ayi gitala ikhala chete. Dziwaninso kuti Jazz Bass ili ndi khalidwe lake: pikiapu imodzi ikakhala yokha imang'ung'udza, koma mukatsegula mavoliyumu onse awiri mofanana phokoso limafafanizana. Precision ili ndi pikiapu yogawika pawiri yomwe imadzithetsera yokha phokosolo, mapangidwe omwe anayamba mu 1957.

Chimodzi chokha musachiseweretse. Ngati nsambo zikukugwirani shoko, kapena milomo ikuluma mukayandikira maikolofoni muli ndi gitala m'manja, vuto si gitala. Ndi ampu kapena waya wa magetsi wopanda earth, ndipo magetsi athu ndi a mavoti 230. Izi zimachitika kwambiri pa misonkhano ya panja ya jenereta, ndi pomwe wina walowetsa mawaya osenda m'soketi ndi timitengo. Zimitsani, muitane wa zamagetsi.

Chomaliza pa gawoli ndi kutalika kwa pikiapu. Dinikizani nsambo pa fereti yomaliza, muyeze kuchokera pa maginito kufika ku nsambo: pafupifupi mamilimita 3 ku E, ndi 2 kapena kuposerapo pang'ono ku G. Ikayandikira kwambiri, maginito amakoka nsambo ndipo mawu amasokonekera. Ikakana kukwera, siponji ya pansi pake yafota. Dulani ina muikepo.

Zotsala zing'onozing'ono, ndi funso la pikiapu

Kabatani ka lamba kakamasuka, lowetsani timitengo ta machesi tiwiri topaka guluu wa matabwa m'bowo, mubwezere sikuluu. Nsonga za mafereti zikayamba kucheka dzanja m'chilimwe, ndi thabwa lomwe lafota. Matani tepi ya pepala m'mbali mwa khosi, musalaze nsongazo ndi fayilo yosalala, mopepuka. Ngati besi yanu ndi ya batire ya mavoti 9, zulani chingwe mukamaliza kuimba, chifukwa chikakhala cholowetsa batire imangodyeka.

Nanga pikiapu yatsopano? Anyamata ambiri amafuna kuyambira pamenepa chifukwa ndi zomwe amaona pa YouTube. Seymour Duncan SPB-3 ndi yotchuka pa mabesi a mtundu wa Precision, ndipo imatulutsadi mawu amphamvu. Koma mukaphatikiza mtengo wake, wotumizira ndi msonkho, mutha kupeza kuti mwayandikira mtengo womwe munagulira gitalayo, ndipo tsiku logulitsa palibe adzakubwezereni ndalamayo. Buliji yolemera nayonso, kwa ine, kusintha kwake sikumveka mukakhala pakati pa ng'oma ndi kiyibodi. Imbani kaye milungu iwiri gitala itakonzedwa, mabatani a besi, midi ndi trebo pa ampu ali pakati. Mukaonabe kuti mawu ndi opyapyala, gulani, koma yezani mabowo ndi rula musanaitanitse: pa Jazz Bass pikiapu ya ku buliji imakhala yotalikirapo kuposa ya kukhosi, ndipo magitala ena otengera satsata muyeso wa Fender. Zakale zomwe mwachotsa zisungeni m'kabotolo pamodzi ndi timasikuluu take, kuti podzagulitsa mudzabwezeremo zakalezo, zatsopano n'kupita nazo pa gitala ina.